Nkhoswe ya a Timoteyo

Foni ya ku Mponela inkaduladula tsiku limenelo, koma mawu amene a Overton ankafuna kuti afike ku Salford anafika onse.

"Achemwali, mzungu wanuyo anagwa kumwamba? Alibe kwawo?"

"Kwawo aliko, achimwene, koma n'kutali."

"Nanga ku Mangalande n'kuseri kwa nyumba? Inu simunafikeko? Tamverani. Akuzike ndi mbumba yanga. Ine ndi shuga wangayu ndege sindikwera, ndiye inu muimirire kuchikazi, ndavomereza. Koma kuchimuna ndikufuna munthu wa mtundu wake. Zotola Mmalawi kutchalitchi n'kumuveka suti, ayi. Mawa akadzayambana tidzaitana ndani? Akadzamwalira uthenga tidzapereka kwa yani? Popanda nkhoswe palibe chinkhoswe. Ndamaliza."

Khadi ya foni nayo inamalizira pomwepo. A Edwina anabwezera foniyo pamalo pake n'kuyang'ana kalendala ya pakhoma. Holo ya kutchalitchi anali atailembetsa kale, Loweruka la pa 15 Malichi, 2008. Panatsala masabata anayi.

Akuzike anali mwana wa malemu mng'ono wawo. Anamulera okha, anamuphunzitsa unamwino ngati iwo omwe, ndipo atapeza ntchito pachipatala china cha ku Salford, sipanathe zaka zitatu anamuitanitsa. Tsono mwana uja anakapeza mwamuna m'khonde la chipatala momwemo: Timofei, mzungu wa ku Russia wamtali ngati nsungwi, amene ntchito yake inali kukankha mabedi a odwala. Dzina lakelo a Edwina analimva kamodzi n'kuliwongola. "Ndi Timoteyo ameneyo, wa m'Baibulo." Linakhala lomwelo.

Kwawo Timoteyo anali mphunzitsi wa masamu m'katauni ka mafakitale, m'mbali mwa mtsinje wa Kama. Chaka china mapaipi otenthetsera sukulu anaphulika pakati pa chisanu, ana n'kumaphunzira atavala zipewa ndi magolovesi. Iye anafunsa komwe kunapita ndalama zokonzera. Anthu anamusankha kukhala khansala wa chipani chotsutsa, ndipo anafunsanso, mokweza. Kachitatu anafunsira ali gone m'chipatala, nthiti ziwiri zitathyoka, mlandu wabodza ukumudikira pakhomo. Anathawa. Ku Britain anamupatsa mapepala a munthu wothawa kwawo, ndipo kwawoko sakanapondakonso.

Nkhani imeneyi ndi imene inawatenga mtima a Edwina. Amuna awo, malemu a Thompson, analinso mphunzitsi, ku Dowa, ndipo nawonso pakamwa pawo sipankasunga mawu. M'chaka cha 1977 analankhula zina mu ofesi ya aphunzitsi zokhudza makhadi a chipani, mnzawo n'kukawanenera. Anadutsa malire a ku Mchinji ndi malaya omwe anavala, n'kukamwalirira ku Lusaka patapita zaka khumi ndi ziwiri, Dowa osamuonanso. A Edwina ankakonda kukumbukira mathero a nyengo imeneyo: mizere italiitali ya anthu okavotera nyali mu 1993, othawa kwawo akutsika ndege, nthungululu, amayi akuyala zitenje pansi. Kwa iwo munthu wotsutsa boma mpaka kuthawa anali ngwazi, ndipo a mtundu wake akanalimbirana kumuimirira. Akamuona Timoteyo atakhala pakhitchini pawo, zala zazitali za wogwira choko zitazinga kapu ya tiyi, ankayang'ana kumbali msanga.

Tsiku lomwelo anamufunsa.

"A Timoteyo, abale anu kuno alipo?"

"Palibe, amayi." Chichewa chake chinali mawu khumi okha. Zotsalazo ankalankhula m'Chingelezi, liwu limodzilimodzi, ngati akusenza njerwa.

"Mkulu wanu uja?"

"Pavel foni yanga sayankha. Anamutsitsa pantchito chifukwa cha ine. Amayi anga amayankha. Amafunsa ngati ndikudya, ngati ndili ndi jekete. Ndikayamba zina amati mkaka ukusefukira pamoto."

"Chabwino. Nanga anthu akwanu chabe? Manchester yonseyi?"

"Alipo ambiri. Ine ndimawalambalala, iwonso amandilambalala."

"Mami, musadzivute," anatero Akuzike, ali ndi yunifolomu yomwe anaweruka nayo. "Tingokasainira ku khonsolo. Amalume akwiya, adzaleka okha."

"Iwe khala chete. Mayi ako sindinawaike m'manda kuti iwe udzalowe m'banja ngati wakuba. Nkhoswe ndikaipeza ine. Kodi n'chinthu chovuta?"

Lachitatu anali pa ofu. Anakwera tiramu, kasitima koyenda mumsewu, mpaka m'tauni, kenako basi ya ku Cheetham Hill, komwe mnzawo wa kuwodi anawauza kuti kuli sitolo ya anthu a ku Russia. Kanali kachipinda kopapatiza, konunkhira nsomba zowamba ndi nkhaka za m'mabotolo. Pakhoma panali wailesi yakanema ikuonetsa bambo wa tayi akudula riboni, anthu akuwomba m'manja, poti chisankho chawo chinali pafupi. Kuseri kwa kauntala kunali mwini sitolo, mayi wojintcha wa tsitsi lofiira, dzina lake Zoya. Munalinso mtsikana wokankha kangolo ka mwana, ndi bambo wa imvi wovala ovolosi, akusankha buledi wakuda.

A Edwina sanazungulire. Anafotokoza kuti mwana wawo akukwatiwa ndi munthu wa ku Russia, ndi kuti kwawo ukwati si wa anthu awiri. Pamafunika munthu wamkulu kumbali ya mwamuna woti aimirire, alandire nkhuku, ndipo m'tsogolo m'nyumbamo mukabuka mkangano kapena matenda, akhale woyamba kuitanidwa.

Zoya anawomba m'manja. "Ukwati! Kwathunso kale zinaliko zimenezo. Amuna anga abwera, amakonda maukwati kuposa ntchito. Kudzakhala kuvina?"

"Mpaka miyendo kutupa."

Mtsikana uja anayandikira akumwetulira, n'kumafunsa za diresi. Zinthu zinali zitatheka. A Edwina akanangolemba nambala ya foni n'kutuluka. Koma munthu ukanyadira chinthu, lilime limayabwa.

"Ndipo si munthu wamba ayi," anatero akukweza chibwano. "Mudzanyadira. Ndi wotsutsa boma. Anali khansala kwanu uko, ku mtsinje wa Kama. Anawauza akuluakulu chilungamo pamaso, mpaka anamuthyola nthiti. Ndi ngwazi yanu."

Wailesi yokha ndi imene inapitiriza kuwomba m'manja.

Zoya anayamba kupukuta kauntala yoyera kale. "Mayi, ine ndimagulitsa soseji. Ndale ayi. Ndipo ndakumbukira, amuna anga Loweruka amagwira ntchito."

"Simunandifunse n'komwe kuti ndi Loweruka liti."

"Onse."

"Koma munthu anamenyedwa chifukwa cha ana asukulu!"

"Pepani kwambiri. Koma tamverani, mayi. Amene ali pampando anakhuta kale. Tikawachotsa pabwera anjala, ayambirenso kudya. Onse ndi amodzimodzi. Bola wokhuta."

Mtsikana uja anaseka, akugwedeza kangolo. "Otsutsa athu? Akalowa atatu m'chipinda amatuluka ndi zipani zinayi. Ine sindinavotepo chibadwire, ndipo dzuwa likutulukabe."

"Amadya za Amereka," anatero bambo wa ovolosi, osayang'ana munthu. "Kufuula pamsewu masiku awiri, kenako kuthawira kuno kudzalandira nyumba."

Apo a Edwina anatembenuka thupi lonse. "Za Amereka? Bambo, munthu ameneyu amakankha mabedi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, nsapato yake ikumwa madzi. Ngati Amereka amadyetsa anthu choncho, kawauzeni asiye."

Bambo uja anawayang'ana kamodzi, analipira buledi wake n'kutuluka. A Edwina nawonso anatuluka, m'manja muli chabe.

Masabata awiri anapita choncho. Anakwera sitima mpaka ku Leeds kukaonana ndi dokotala wina wa ku Russia amene anamvera mbiri yake kwa anamwino anzawo. Ulendo uno za ndale anatseka pakamwa. Dokotalayo anawalandira bwino, anawapatsa tiyi, anafunsa dzina lonse la mkwati, n'kulilemba pa kompyuta. Anawerenga kanthawi. Kenako anawaperekeza mpaka pachitseko mwaulemu waukulu.

"Ndi munthu wolimba mtima," ananong'ona. "Koma ine kwathu ndimapita chaka ndi chaka."

Chisankho cha ku Russia chija chinachitika, ndipo anapambana yemwe aliyense ankamudziwa kale. Lolemba lake a Edwina anamupeza Timoteyo kukantini ya chipatala, mbale ili patsogolo pake yosakhudzidwa.

"Idyani, a Timoteyo. Mabedi sakankhidwa ndi mpweya."

"Amayi, kale ndinkadzitonthoza kuti amaba mavoti. Mwina amaba. Koma ngakhale asabe, anthu anga sangandisankhe. Ana amene ndinawaphunzitsa aja akula tsopano. Palibe ndi mmodzi yemwe anandilembera." Anakankhira mbale kutsogolo. "Mwina a Overton akunena zoona. Munthu wopanda womuimirira ndi munthu wanji? Akuzike asadane ndi abale ake chifukwa cha ine."

"Zamkutu," anatero a Edwina. Koma anatuluka ali ndi nkhawa, chifukwa anthu a mtundu umenewu ankawadziwa. Akaganiza kuti kuchoka ndiko kuchita chilungamo, amachokadi.

Lachitatu lotsatira anabwereranso kusitolo ija, osati kukapempha kanthu, koma kukagula buledi wakuda, mwina mwana wa eni n'kudyako. Zoya anawagulitsa osatchula za ukwati. Panja mvula inali itayamba, ija yopyapyala yolowa mpaka m'mafupa. Anaima pa siteji ya basi mpaka zala kuuma. Kenako panaima galimoto yoyera ya katundu, zenera n'kutsika. Anali bambo wa ovolosi uja.

"Lowani, mayi wa ukwati. Msewu autseka kumtundaku, basi yanu sibwera."

A Edwina sanali munthu wokana thandizo chifukwa cha mkwiyo wa masabata awiri apitawo. Analowa, anakankha masipanala ndi phazi n'kukhala. Bamboyo anati dzina lawo ndi Valentini, ndipo amakonza mapaipi ndi zotenthetsera m'nyumba.

"Munati mtsinje wa Kama. Tauni iti?"

A Edwina anatchula dzinalo mmene lilime lawo linathera. A Valentini analibwereza, n'kumveka lina, lofewa.

"Ine kwathu ndi masiteshoni atatu kutsika ndi mtsinje." Anapukuta galasi ndi dzanja. "Mwezi wamawa madzi oundana ayamba kusweka. Amalira ngati mfuti, tauni yonse imapita kukaonerera. Kuno mitsinje yawo ndi ngalande."

"Ndiye ndinu mbale wake."

"Si mbale wanga. Mayi, inu simukudziwa. Anthu ngati iyeyo tinawapatsapo dziko, zaka za m'ma 90. Ankalankhula bwino zedi, ufulu, ufulu. Ine ndinali injiniya. Fakitale inayamba kutilipira mapoto m'malo mwa ndalama. Mkazi wanga ankaima pamsewu m'chisanu kugulitsa mapoto kwa anthu amene nawonso analandira mapoto. Ufulu umenewo ndi umene unandibweretsa kuno kudzagwada pansi pa masinki a Angelezi. Pano amayi anga penshoni imawafikira tsiku lake. Mumsewu mwawo magetsi akuyaka. Ndiye wina abwere adzatithirenso mchenga m'chakudya?"

"Kwathunso zinaliko," anatero a Edwina. "Amuna anga anatsutsa boma, anathawa, anafera kunja. Lero anthu oterowo timawalemekeza."

"Lero," anatero a Valentini. "Nanga tsiku limene anathawalo? Anansi anu anatani? Inuyo munatani?"

A Edwina anatsegula pakamwa kuti anene nkhani ija ankainena nthawi zonse, ya nyali ndi nthungululu. Sinabwere. M'malo mwake kunabwera Dowa wa 1977, wathunthu, ndi fumbi lake lomwe. Anaona amayi anzawo a kutchalitchi akuwoloka msewu kuti asapatsane moni. Anaona zidebe zikusunthidwa pamjigo iwo akafika. Anamva a Overton, omwewa ofuna nkhoswewa, akunena kuti dzina la munthu uja lisamvekenso pakhomo pano. Anadziona ataima pabwalo la sukulu, pamaso pa tcheyamani wa chipani ndi anyamata ake, akunena mokweza kuti, "Si mwamuna wanganso, wandichititsa manyazi." Anadziona atavala nsalu ya chipani, akuvina mzere wakutsogolo, akuimba kuposa onse, kuti ntchito ya kuchipatala isawathere. Ndipo chimene chinawabaya koposa n'chakuti nthawi imeneyo sankanamizira. Anali atakwiyadi. Kodi munthu akanatseka pakamwa akanafa? Anzake onse ankagula makhadi n'kumalera ana awo. Iye anali ndani?

"Ndinawakana," anatero. Mawu anatuluka ouma. "Pagulu. Kalata yawo inabwera ndi dalaivala wa lole, ndinaiponya mu mbaula osatsegula. Yachiwirinso chimodzimodzi. Yachitatu sinabwere. Ndinkati ndi chitsiru chodzikonda. Nthungululu zinabwera iwo atawola kale."

Mvula inkangogunda padenga la galimoto.

"Mpaka lero sindidziwa analembamo chiyani."

A Valentini anatsokomola. Anakhotera msewu wa ku Salford, n'kuima pa magetsi ofiira, akuwayang'anitsitsa mopyola muyezo.

"Ndiye mukutimvetsa," anatero.

"Ndikukumvetsani. N'chifukwa chake sindikukupemphani kuti mumuvotere. Nkhoswe sivota, bambo. Nkhoswe imakalipa. Akalakwa mumamuitana n'kumukhazika pansi. Akadwala mumabwera. Akamwalira mumauza akwawo. Basi."

"Kumukalipira?"

"Mpaka makutu kuwawa."

Anafika pakhomo pa a Edwina. A Valentini anayang'ana buledi wakuda uja ali pamiyendo pa mayiwo.

"Ameneyo ndi wa Zoya, wotsekemera. Kwathu sitiphika choncho." Anagwira chiwongolero ndi manja onse. "Ndibwera kudzamuona. Kuona kokha."

Anabwera Lamulungu masana, anthu ataweruka kutchalitchi, atavala jekete ya chikopa, m'manja muli botolo la nkhaka. Iwo ndi Timoteyo anapatsana moni ngati akugwira chitsulo chamoto. Anakhala pabalaza n'kukambirana za mvula m'Chingelezi, mwaulemu ngati pamaliro. Kenako a Valentini anaponya liwu limodzi m'Chirasha, ndipo moto unabuka.

Anakangana maola awiri. Zibakera zinkagwa patebulo, masipuni n'kumadumpha. Mpunga unazizira m'mbale. A Edwina ndi Akuzike anathawira kukhitchini n'kumasuzumira pachitseko, osamva ngakhale liwu limodzi.

"Mami, aphanatu awa. Ndilowepo?"

"Khala pansi. Tamuyang'ana nkhope."

Timoteyo anali wofiira mpaka m'makutu, maso akuwala, manja akuuluka. Munthu wosenza mawu limodzilimodzi uja tsopano ankathamanga, akudumpha, akudula mnzake pakati, akuseka mwachipongwe, akuwerengera zifukwa pazala ngati ali kutsogolo kwa kalasi. Akuzike anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Zaka ziwiri ndili naye, sindinamuonepo chonchi. Ndimayesa ndi munthu wofatsa."

"Wofatsa ndani? Analibe womutukwana m'chinenero chake."

"Ndiye kuli Timo wina amene ine sindidzamumva."

"Aliko. Phunzira Chirasha, kapena uvomereze. Tapititsa madzi pamoto."

Madzi asanawire, mawu pabalaza anatsika. Atasuzumiranso anawapeza ataweramira kuseri kwa envulopu, akujambula mzere wokhotakhota, akutchula mayina mosinthana, wina akatchula mnzake n'kugwedeza mutu. Panali malo ena amene onse awiri anaseka. Panali ena amene onse awiri anakhala chete.

A Valentini analowa kukhitchini akupukuta thukuta m'khosi.

"Ndi chitsiru," anatero. "Wouma mutu ngati chitsa. Atamupatsa dziko angaligwetse m'sabata imodzi. Ndidzavale chiyani?"

"Suti. Ndi nsapato zopolisha."

"Chinthu chimodzi, mayi. Chithunzi ayi. Mwezi wa Julayi ndimapita kukaona amayi anga. Sindikufuna nkhope yanga ipezeke pambali pa nkhope yake."

Mawu akuthwa anafika pamilomo ya a Edwina. Anawameza.

"Chithunzi ayi," anatero.

Anaimba foni ku Mponela nthawi yomweyo, mtima wa munthu usanatembenuke. A Overton anafuna kumva mawu a nkhosweyo ndi makutu awo, ndipo anatulutsa Chingelezi chawo cha ukalaliki wa kale.

"Inu ndinu ndani wake?"

"Tinamwa mtsinje umodzi," anayankha a Valentini.

"Mumagwirizana?"

"Ayi. Ngakhale pang'ono."

A Overton anaseka mpaka kutsokomola, n'kuitanitsa mlongo wawo. "Achemwali, ameneyo ndiye nkhoswe. Akanakhala mnzake bwenzi akumuikira kumbuyo. Pitirizani."

Loweruka holo inadzaza. Anabwera a ku Manchester, anabwera a ku Leeds pa minibasi, zitenje zitamangidwa pamwamba pa majuzi. Kuchikazi mipando sinakwane. Kuchimuna kunali a Valentini okha, ali chiwongokere mu suti yonunkhira m'bokosi, mpaka amuna ena a kutchalitchi anachita manyazi n'kusamukira kumbali yawo. Nkhuku zinali zootcha, zogula kwa Mmwenye wa nyama, ndipo yomwe inali tambala ndi yomwe inali thadzi ankadziwa ndi Mulungu yekha. A Valentini anapereka yawo ndi manja awiri monga anawaphunzitsira, analandira inayo, ananyema mwendo n'kudya anthu akuona, nthungululu n'kugwedeza mazenera. Anapereka khasu ndi nkhwangwa za kusitolo ya zam'dimba, zomata zake zili pomwepo. Atsikana atatu analowa atafundidwa zitenje kumutu, ndipo Timoteyo analoza Akuzike osazengereza, poti kayendedwe kake ka kuwodi ankakadziwa.

Makamera akangokwera m'mwamba, a Valentini ankapezeka kumbuyo kwa holo, atawerama, akugogoda paipi yotenthetsera ngati awaitanira imeneyo. Pazithunzi zonse za tsikulo, kudzanja lamanja la Timoteyo kuli mpata wokwana munthu mmodzi.

Dzuwa likupendeka anthu anayamba kubalalika, otsala n'kumapinda mipando. A Edwina anawapeza a Valentini akumasula tayi pafupi ndi chitseko.

"Ankhoswe, ntchito yanu yoyamba."

"Yayamba kale?"

"Akuchimuna sanauzidwe. Za pafoni si kuuza. Munthu amapita, amakhala pansi, n'kunena kuti mwana wanu wapeza banja, ine ndinaliko, mkaziyo ndamuona. Mayi wake ali moyo."

A Valentini anayang'ana Timoteyo, amene ankadutsa pafupi atanyamula mipando inayi, akuchita ngati sakumva.

"Sitima yanga imaima pa siteshoni yawo mphindi zinayi zokha."

"Sindinafunse za sitima."

"Anthu amaona, mayi. Tauni ndi yaing'ono."

"Ndikudziwa. Ndinakhalamo m'tauni yotero."

A Valentini anapinda tayi n'kuika m'thumba. Kenako anatembenukira kwa Timoteyo, ndipo analankhula m'Chingelezi kuti a Edwina amve.

"Sindinalonjeze kanthu. Ndikungofunsa. Kwanu n'kutali ndi siteshoni?"

Timoteyo anatsitsa mipando pang'onopang'ono.

"Si kutali. Mukatsika, musawoloke njanji. Mutsate msewu wa mitengo yoyera makungwa, wotsetserekera kumtsinje. Mudutsa sukulu kumanzere, musaiyang'ane, ndi yonyansa. Kenako pali sitolo ya buledi, fungo mulimva musanaione. Nyumba yachitatu, mukwere masitepe awiri. Belu silira, mugogode. Amayi amachedwa kutsegula, miyendo imawavuta, mudikire. Mukaima pamsewu muona zenera la makatani obiriwira, pali maluwa ofiira m'chitini."

Anaima. Anayang'ana pansi, kenako anayang'ana panja, pomwe tiramu inkadutsa mumvula.

"Ngati sanasinthe," anatero. "Papita zaka zinayi."

A Valentini anafufuza m'matumba a suti, anapeza pensulo yaifupi ya pantchito, n'kutembenuza pepala la pulogalamu ya chinkhoswe.

"Bwereza," anatero. "Pang'onopang'ono. Kuyambira pa njanji."